Musanasankhe mutu, kaoneni kaye m'kabati ya labu

Achemwali, funso lanu ndaliona. Muli chaka chomaliza cha biochemistry pa University of Zimbabwe ku Mount Pleasant, akuti musankhe mutu wa pulojekiti ndi supavaiza, ndipo mtima wanu uli pa za DNA pomwe anzanu akuti tengani za zomera poti n'zophweka. Njira imeneyi ndinadutsamo, ngakhale sipasukulu panupo, ndiye ndiyankheko.

Mawa lomweli kalowe ni mu labu mukapeze tekinishani. Mukamulonjere bwinobwino, kenako mukafunse kuti ndi makina ati akugwira ntchito mwezi uno, nanga mankhwala atsala ochuluka bwanji. Iyeyo ndiye amadziwa za m'kabati kuposa wina aliyense. Za DNA n'zokoma, koma ma primer (tizidutswa tatifupi ta DNA toyambira kukopera DNA) ndi ma enzyme (mapuloteni ofulumizitsa kusintha kwa mankhwala) ambiri amachita kuitanitsa kunja, kawirikawiri ku South Africa, ndipo semesita imatha kupendekeka munthu akudikirabe. Ngati supavaizayo ali kale ndi kafukufuku wa ndalama zake ndipo zinthuzo mwaziona ndi maso mufiriji, tengani osaopa. Akakuyankhani kuti "tidzaona", ine ndikuti zisiyeni.

Komanso anzanuwo asakunamizeni. Tinene kuti mwasankha masawu kapena malambe a ku Mbare Musika, kapena chammwamba, kuti muyeze ma antioxidant, zinthu zoteteza maselo kuti asaonongeke. Chomeracho chiyenera kukatsimikizidwa dzina ku National Herbarium, kosungira zitsanzo za zomera zouma, ku Botanic Garden kuja, mukhale ndi nambala ya voucher, ya chitsanzo chimene asunga kumeneko. DPPH, mankhwala oyezera ma antioxidant, imene timawerenga pa makina oyezera kuwala pa 517 nm, imadana ndi kuwala, ndiye botolo lake muzilikulunga ndi foyilo ndipo muzisungunula ya tsiku lomwelo. Mukamayeza mapuloteni ndi njira ya Bradford pa 595 nm, standard curve (galafu yofananizira zotsatira) ya BSA, puloteni yoyerekezera, muzipanga yanuyanu, osabwereka ya mnzanu ya sabata yatha. Chilichonse muziyeza katatu.

Mukangokhudza magazi kapena china chochokera m'thupi la munthu, pamafunika chilolezo cha JREC, komiti yovomereza kafukufuku wokhudza anthu ya yunivesiteyo ndi chipatala cha Parirenyatwa, mwinanso cha Medical Research Council of Zimbabwe. Mafomu ake yambani msanga.

Chimene chinandiliza ine ndi ichi. Ndinatha masabata atatu ndikuyeretsa enzyme yanga, n'kuithira yonse m'chubu chimodzi, n'kuika mufiriji ya -20°C. Tsiku lililonse ndinkatulutsa, kusungunula, kutapako, kubwezera, osadziwa kuti kuumitsa ndi kusungunula kobwerezabwerezako kukuifooketsa. Ndiye Loweruka lina magetsi anathima, mukuidziwa Harare yathuyi. Lolemba ndinapeza madzi ali thapwi pansi, chubu chili chofunda, kapepala ka dzina katamatuka. Nditayeza, enzyme ija inali itaferatu. Supavaiza wanga sanakalipe. Anangondipatsa timachubu ta Eppendorf 20 kuti ndikayambirenso ndipo ndizigawa pang'onopang'ono. Inu gawani kuyambira tsiku loyamba, lembani dzina ndi deti pachubu penipeni ndi maka yosafufutika, ndipo tina mukapemphe malo mufiriji yomwe ili pa jenereta.

Buku la labu muzilemba pomwepo, ndi bolopeni, osati pachikhatho kapena pakapepala koti mudzakopere madzulo. pH (mlingo wa asidi) ya buffer (madzi oletsa mlingowo kusintha), magalamu amene munayeza, nthawi imene munayatsa makina, ngakhale zimene zakanika. Polemba lipoti, zokanikazo n'zimene zimadzakupatsani chonena. Madzulo muzijambula masamba ndi foni.

Za supavaiza, sankhani amene amapezeka. Funsani amene anamaliza chaka chatha kuti ankaonana naye kangati, nanga machaputala ankabweza patapita nthawi yaitali bwanji. Kwa ine, lekichala wachinyamata amene amalowa mu labu n'kukuonetsani kagwiridwe ka pipette (kachida kotapira timadzi toyezedwa) amaposa pulofesa wotchuka amene amangokhalira maulendo. Mugwirizane tsiku limodzi pasabata, ndipo muzipita ndi zotsatira ngakhale zitaipa. Kubisala chifukwa gel (jeli yolekanitsira DNA kapena mapuloteni) sinatuluke kumangokudyerani nthawi.

Ndatchula gel, ndiye ndinenepo: acrylamide, yopangira ma gel ena, isanalimbe imawononga mitsempha, magolovesi asamachoke m'manja. Ntchito yaitali muziyamba m'mawa, kuti musatsale nokha mu labu usiku kenako n'kumasowa kombi ya ku Highfield kapena ku Mufakose.

Mukabwerako kwa tekinishani, mudzatilembere muno zimene mwapeza m'kabatimo ndi mitu imene akupatsani, tidzaunikire limodzi.