Amayi anasiya kusamba kale, lero akuona magazi: tiwatengere kuti?

Mayi wina wa ku Chawama mu Lusaka watilembera imelo. Amayi ake, a zaka 57, abwera kudzacheza kuchokera ku Katete. Anasiya kusamba zaka 5 zapitazo, koma kwa miyezi iwiri tsopano akuona timadontho ta magazi, nthawi zina madzi ofiirira, popanda ululu uliwonse. Azakhali akuti ndi msambo wabwerera chifukwa akudya bwino m'tauni. Wolembayo akufunsa ngati angowatengera kokayezetsa khansa ya khomo la chiberekero ndi viniga kuja, ndiponso zoti achite iye mwini, wa zaka 34 yemwe akumwa ma ARV, komanso mwana wake wamkazi wa zaka 11.

Amayi, azakhali anu tikuwalemekeza, koma pa nkhani iyi alakwitsa. Mzimayi akatha miyezi 12 osasamba, pa msinkhu wa zaka 45 mpaka 55 pomwe ambiri amasiyira, msambo subwereranso. Magazi alionse otuluka pambuyo pake, ngakhale dontho limodzi, ngakhale atasiya okha mawa, ndi ofunika kuwafufuza. Kusamva ululu sikutanthauza kuti zili bwino, chifukwa khansa ya m'chiberekero ndi ya khomo la chiberekero zimayamba mosapweteka.

Musachite mantha mopitirira. Kawirikawiri chimene chimachititsa ndi kuuma kwa njira. Mzimayi akasiya kusamba, thupi limachepetsa mahomoni otchedwa estrogen, ndipo khungu la m'njira ya abambo ndi la m'kati mwa chiberekero limapyapyala n'kumachucha magazi likangokhulika pang'ono. Ena amakhala ndi tinyama tomera m'chiberekero kapena pakhomo pake, tosakhala khansa, tomwe amangotichotsa. Mankhwala azitsamba oika kumaliseche nawonso amasupula khungu lopyapyalali. Ndipo kwa amene anakula akusamba ndi kuchapa m'madamu ndi m'mitsinje, likodzo limatha kusiya tizilonda pakhomo la chiberekero. Komabe pafupifupi mmodzi mwa amayi 10 oona magazi otere amapezeka ndi khansa ya m'kati mwa chiberekero, makamaka onenepa kwambiri ndi odwala shuga. Muno mu Zambia tiwonjezerepo khansa ya khomo la chiberekero, yomwe ndiyo imagwira amayi ambiri kuposa khansa ina iliyonse. Palibe angasiyanitse zimenezi ali kunyumba.

Tsopano za viniga. Kuyeza kumeneku, komwe anamwino amakutcha VIA, kunayamba m'makiliniki a boma a mu Lusaka mu 2006 ndipo kwapulumutsa amayi ambiri, koma anakukonzera mzimayi amene sakumva vuto lililonse. Namwino amapaka viniga wa mphamvu ya 3 mpaka 5 peresenti pakhomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Malo amene ayamba kusintha amayera. Vuto ndi lakuti mzimayi akadutsa zaka 50, kadera komwe khansa imayambira kamalowa m'kati mwa khomo, komwe diso silifika. Komanso viniga sauza chilichonse za m'kati mwa chiberekero. Choncho amayi anu akhoza kuuzidwa kuti pakhomo palibe vuto, n'kubwerera ku Katete ali osangalala, matenda ali m'kati. Apa ndi pomwe ambiri amatayira miyezi.

Chitani motere. Pitani nawo ku chipatala cha Chawama, kapena china chapafupi monga Kanyama, Matero, Chilenje kapena Chipata ya mu Lusaka, sabata ino. Pofika musanene kuti mwabwera kudzayezetsa khansa, angakuikeni pa mzere wa oyezetsa wamba. Nenani momveka kuti anasiya kusamba zaka 5 zapitazo ndipo akuona magazi. Konzekeranitu mayankho: analekeza liti kusamba, magazi anayamba liti, ngochuluka bwanji, amanunkha kapena ayi, amatuluka akakhala malo amodzi ndi abambo kapena paokha, akumwa mankhwala anji. Tengani mapaketi a mankhwalawo, ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo la NHIMA ngati ali nalo. Tikudziwa kuti mwana kufunsa mayi ake zam'nyumba n'kovuta. Azakhali omwewo akhoza kuthandiza pamenepa: alowe nawo m'chipinda choyezera ndi iwowo, inu mudikire panja.

Adokotala ayenera kuona khomo la chiberekero ndi chipangizo chotsegulira njira, chooneka ngati mlomo wa bakha. Kwa munthu wamkulu amene njira yauma, pemphani chaching'ono ndi mafuta ofewetsera. Akapeza chilonda kapena chotupa, amatapa kachidutswa ka mnofu n'kukatumiza ku labu. Pakhomo pakakhala pabwino, chotsatira ndi sikani yoyeza kukhuthala kwa khungu la m'kati mwa chiberekero. Yolowetsa m'njira ya abambo imaonetsa bwino kuposa yoyendetsa pamimba. Khungulo likakhala mamilimita 4 kapena kucheperapo, khansa siikhala kawirikawiri. Likaposa pamenepo, kapena magazi akapitirira ngakhale sikani inali yabwino, amalowetsa kachubu kowonda m'chiberekero n'kutapa mnofu. Zimatenga mphindi zochepa ndipo zimapweteka ngati cham'mimba cha msambo. Pa zimenezi mwina adzakupatsani kalata yopita ku Women and Newborn Hospital ku chipatala chachikulu cha UTH kapena ku chipatala cha Levy Mwanawasa.

Zotsatira za ku labu zimatenga milungu. Musanachoke funsani tsiku ndi chipinda chokazitengera, lembani nambala ya fayilo, ndipo siyani nambala ya foni yanu, osati ya kumudzi yomwe imakhala yozima. Amayi asabwerere ku Katete zotsatira zisanatuluke, ngakhale kumunda kukuitana. Ikapezeka khansa isanafalikire, nthawi zambiri opaleshoni yochotsa chiberekero imachiza. Ikapita patali, chithandizo chimapitirira ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH. Magazi akayamba kutuluka ambiri mpaka kunyowetsa nsalu pa ola limodzi, kapena akamva chizungulire, musadikire tsiku lomwe anakupatsani.

Inuyo ndiye viniga uja amakuyenerani. Amayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo cha khansa ya khomo la chiberekero kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi ena, chifukwa thupi limavutika kuchotsa kachilombo ka HPV komwe kamayambitsa khansayi. Ma ARV amathandiza, koma sachotsa kufunika koyezetsa. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati amayi otere ayambe ali ndi zaka 25, abwereze pakatha zaka 3 ngati ayezedwa ndi viniga, kapena zaka 3 mpaka 5 ngati ayezedwa kachilombo ka HPV. Funsani komwe mumatengera mankhwala, ndipo tsatani tsiku lomwe alemba pa khadi lanu ngakhale litafupikirapo. Pitani musali kumwezi. Akapeza malo oyera aang'ono, imeneyo si khansa ayi. Amawatentha ndi kachitsulo kofika madigiri 100 kwa masekondi 20 mpaka 30, nthawi zambiri tsiku lomwelo. Malo aakulu amawadula ndi kawaya ka magetsi. Mukatero mudzaona madzi akutuluka kwa milungu ingapo. Musagonane kapena kuika chilichonse kumaliseche kwa milungu 4 kuti chilonda chipole, ndipo abambo a kunyumba auzidwe zimenezi musanapite. Mukatentha thupi kapena madziwo akayamba kununkha, bwererani msanga. Pakatha miyezi 12 mukayezetsenso.

Mwana wanu ali pa msinkhu woyenera katemera wa HPV, womwe WHO imalimbikitsa kwa atsikana a zaka 9 mpaka 14, asanayambe zogonana. Zambia inayamba kuupereka m'dziko lonse mu 2019. Amateteza ku mitundu 16 ndi 18 ya kachilomboka, yomwe imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansayi, ndipo zoti amatseka chiberekero ndi mphekesera chabe. Funsani kusukulu kwake ngati analandira kale. Ngati ayi, mutengereni ku kiliniki. Ngati nayenso ali ndi HIV muuzeni namwino, chifukwa otere amafunika kubayidwa kawiri kapena katatu.