Masensa asanu ndi atatu pa Arduino imodzi

Funso: Ndili ndi Arduino Uno imodzi (kabolodi kakang'ono ka kompyuta kokhala ndi mapini olumikizapo mawaya), koma ndikufuna kuyeza kutentha m'malo 8 m'khola la nkhuku. Kodi mapini akwana?

Yankho: Akwana ndithu, pini imodzi yokha ikukwanirani. Gulani masensa oyezera kutentha a DS18B20. Onse amagawana waya mmodzi wa data (wotumizira uthenga ku pini ija) chifukwa sensa iliyonse ili ndi nambala yakeyake ya ma bit 64. Lumikizani resistor imodzi ya 4.7 kΩ pakati pa data ndi 5V, osati pa sensa iliyonse ayi. Mu pulogalamu ikani ma library (mapulogalamu othandizira olembedwa kale) a OneWire ndi DallasTemperature.

Pa mawaya ndi pamene ambiri amalakwitsa. Yalani waya mmodzi wautali, masensa alumikizidwe motsatizana, chifukwa nthambi zambiri zochokera pamalo amodzi zimasokoneza uthenga. Mukaona -127 powerenga kutentha, waya wamasuka kapena mwaiwala resistor. Mukaona 85, mwawerenga msanga. Dikirani kaye mamilisekondi 750.