Vanishi yakana kuuma pa kagalimoto ka pulasitiki? Musafulumire kuichotsa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati ka Land Cruiser kanu ka pulasitiki ka 1:24 (kochepa maulendo 24 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni), kamene alamu anu anakutumizirani kuchokera ku Johannesburg, munakapaka penti ya enamelo Loweruka, Lamulungu n'kupoperapo clear coat, vanishi yoonekera mkati ija, ya m'chitini. Pano patha masabata awiri koma kakunandabe, mukakagwira chala chikudinda pa boneti, ndiye mukufunsa ngati anakugulitsani chitini chowonongeka. Zimachitika, koma monga mwafotokozeramu, ine ndikuona kuti vuto lili pansi pa vanishiyo.

Enamelo imanamiza anthu. Pamwamba imauma tsiku lomwelo, koma mkati imakhala ngati phala lozizira pamwamba pokha. Kuti ilimbe imafuna mpweya, imachita kukoka okosijeni pang'onopang'ono kwa masiku ambiri. Inu mwaivindikira patangopita tsiku limodzi, ndiye mpweya sukulowa, thinasi wotsalira mkati nayenso akusowa potulukira. Ngati munapopera mochindikala kuti kawale msanga, ndiye mwawonjezera chivindikiro china pamwamba pake. Komanso mavanishi ambiri a m'zitini ndi a mtundu wa lacquer, monga Tamiya TS-13, ndipo thinasi wake ndi waukali, amafewetsanso enamelo yosakhwima. Yang'anani bwino m'mbali mwa zitseko: mukaona timakwinya ngati khungu la nthochi yofota, ndiye kuti zachitika ndi zimenezo.

Onjezanipo nyengo yathu ya kuno ku Mulanje. Mwezi wa Julayi chiperoni chikagwa, ngakhale malaya pachingwe amatha masiku atatu osauma. Nanga penti? Kuzizira kumachedwetsa enamelo, chinyezi chimasokoneza vanishi. Chaka chatha ndinapopera kathirakitala kanga pakhonde m'mamawa, nkhungu itakuta minda ya tiyi mpaka msewu wopita ku Chitakale osaoneka. Ndikuyang'ana chonchi, penti yofiira ija inayamba kutuwa ngati ndaiwaza ufa, kuyambira pa madigadi kukwera m'mwamba. Mtima unandipweteka, chifukwa ndinali nditakagwirira ntchito mwezi wathunthu. Chimachitika n'chakuti thinasi akamauluka amaziziritsa pamwamba, timadontho ta madzi n'kukodwa mkati mwa vanishi. Ndinakasiya mpaka dzuwa litabwerera, ndinapoperaponso mopepuka masana, kutuwa kuja kunachoka.

Ndiye musanakhudze chilichonse, kanunkhizeni kagalimotoko. Ngati fungo la penti likumvekabe, ntchito ya kuuma ikupitirira. Dinani ndi chikhadabo pamalo obisika, kunsi kwa bampala, mukumbukire mmene palowera. Kenako kaikeni m'katoni yaukhondo yoboola timabowo m'mbali kuti mpweya uziyenda koma fumbi lisalowe, muike m'chipinda chofunda. Ena amayatsa babu lakale lija lotentha pafupi ndi katoniyo, ndipo zimathandiza, bola lisakhudze katoni komanso musalisiye loyaka mukuchokapo. Pambaula musayandikizepo n'komwe, padzuwa la phwee kapena m'galimoto yotseka ayinso, pulasitiki imeneyi imapindika ndipo sibwerera. Pakatha sabata dinaninso pambali pa pomwe paja. Pakalimbako ngakhale pang'ono, pitirizani kudikira, kadzachira kokha.

Pali malo awiri pomwe kudikira n'kutaya nthawi. Oyamba ndi matayala. Ngati ndi ofewa aja onga labala, ambiri amakhala a vinyl, ndipo muli mafuta ofewetsera amene amatuluka pang'onopang'ono n'kusakanikirana ndi enamelo kapena vanishi. Pamenepo ngakhale mudikire mpaka mvula yoyamba, padzanandabe. Pukutani zonse, matayalawo muwasiye osapaka, kapena mupake penti ya acrylic yosungunula ndi madzi.

Achiwiri ndi vanishi ya 2K, ija amagwiritsa ntchito opopera magalimoto. Mwati yanu ndi ya m'chitini chopopera, koma ndikudziwa kuti ena m'gulu lathu lino la okonda timagalimoto ta pulasitiki amakapemphako pang'ono ku galaja. Imeneyo siuma ndi mphepo, imalimba chifukwa cha hadena, mankhwala olimbitsa amene amasakaniza ndi vanishiyo. Zambiri zimafuna magawo 2 a vanishi pa gawo limodzi la hadena, komabe werengani pachitini chifukwa zimasiyana, ndipo yezani ndi jakisoni, osati ndi maso. Hadena akakhala wotsegula amayamwa chinyezi n'kufa; mukaona walimba kapena wachita mbuu, mutayeni. Chonde abale, utsi wa 2K ndi woopsa m'mapapo, kansalu kokulunga pamphuno sikateteza. Popanda masiki yeniyeni yopoperera penti, isiyeni.

Tsono mukadikira masabata ena awiri chikhadabo n'kumalowabe chimodzimodzi, apo ndiye chotsani. Koma thinasi wa magalimoto asayandikire, amasungunula pulasitikiyo mpaka zitseko ndi magetsi kufufutika. Sipiriti wa pepo uja amachotsa acrylic bwinobwino. Enamelo imatheka ndi mafuta a mabuleki a DOT 3: kuviika maola angapo, kukwecha ndi mswachi wakale mutavala magolovesi. Yambani mwayesa pa timitengo ta pulasitiki tija munadulapo zidutswa, chifukwa pulasitiki ina imasanduka yosachedwa kuthyoka ikakhalitsamo. Magalasi ndi zonyezimira muchotseretu. Mukatha tsukani ndi sopo wotsukira mbale, muumitse masiku awiri.

Popakanso, kumbukirani kuti waukali amakhala pansi, wofatsa pamwamba: lacquer pansi, enamelo pakati, acrylic ya madzi pamwamba. Mukatembenuza ndi pomwe pamabwera makwinya. Pa enamelo yanuyo ine ndingasankhe vanishi ya acrylic, ndipo ndingadikire sabata yathunthu nyengo yotentha, masabata awiri nthawi ya chiperoni, mpaka fungo litatheratu. Sungani timasipuni toyera ta pulasitiki tija, muzitipaka tsiku limodzi ndi kagalimotoko, penti yomweyo. Vanishi iziyamba kugwera pa sipuni; ikakana, mwataya sipuni yokha.

Chitini chikhutchumuleni mphindi ziwiri zathunthu, chikhaleko pang'ono m'madzi ofunda, osati otentha. Poperani muli patali masentimita 20 kapena 25, kawiri koyamba mongowaza ngati mame, mukupumira mphindi 15 pakati, kachitatu ndiye konyowako. Nthawi yake ndi masana, pakati pa 11 ndi 2 koloko. Ine ndimayamba ndatuluka panja n'kuyang'ana phiri: likamaoneka mpaka pamwamba ndimatulutsa zitini, likafunda mitambo ndimakhala pansi n'kumakwecha zidutswa zina ndi sandipepa.

Jambulani kutsogolo ndi kumbuyo kwa chitini cha vanishicho pamodzi ndi kachitini ka penti muike pano, mutiuzenso ngati kunandako kuli thupi lonse kapena matayala okha. Tikaona zimenezo tidziwa ngati kakufunika katoni kapena mswachi.