Musafunse zaka za makina, funsani amene amawayeza

Achemwali, pepani kwambiri ndi matenda a mayi. Funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati madokotala apeza kachotupa kakang'ono mu ubongo, kochokera ku khansa ya bere imene anadwala kale, ndipo akuti kawotchedwe ndi radiotherapy, chithandizo cha cheza, yolasa pamalo amodzi ija amaitcha SRS. Mwafunsa ngati mupite ku India kapena kuno ku Joni, mwafunsa za visa ndi kogona, kenako mwafunsa kuti mungadziwe bwanji kuti makinawo alasa chotupacho osati ubongo wabwinobwino. Za visa ndi kogona akuyankheni amene anayendapo. Ine ntchito yanga ndi yogoneka odwala pa makina amenewa, m'mawa mpaka madzulo, ndiye ndikhala pa funso lomalizalo.

Ndaona ena amene akuyankhani pagulu lino akuti pitani komwe kuli makina atsopano, wina mpaka watchula TrueBeam ndi CyberKnife. Akulankhula ndi mtima wabwino, koma sindikugwirizana nawo. Makinawo ndi abwino ndithu, kungoti dzina la makina silichiza munthu. Ku Toulouse, ku France, mu 2006 ndi 2007, odwala 145 analandira cheza chopitirira muyezo pa makina a SRS atsopano kumene, chifukwa powayeza koyambirira anagwiritsa ntchito chipangizo chachikulu kwambiri kusiyana ndi kachingwe ka cheza kamene amayezako. Makina analibe vuto. Cholakwika chinali pa kuyeza, ndipo panapita pafupifupi chaka chisanadziwike.

Ndikufotokozereni mmene zimakhalira mkatimo, kuti mafunso anu akakhale ndi mano. Pa makina ambiri, monga TrueBeam, mutu wa makina umazungulira wodwala, bedi limene wagonapo nalonso limazungulira, ndipo khomo lotulukira cheza nalo limatembenuka palokha. Zitatu zonsezi ziyenera kuzungulira malo amodzi okha a m'malere, osaoneka ndi maso, amene timawatcha isocentre. Ntchito yathu ndi kuika chotupa pamalo amenewo ndendende. Tsono mutu uja ndi chitsulo cholemera matani, ukapendekeka kapena ukapita pansi pa bedi umawerama pang'ono ndi kulemera kwake. Bedi nalo limalobodoka likamakalamba. Pa radiotherapy ya masiku ambiri, monga ya khomo la chiberekero, munthu amalandira pafupifupi 2 Gy (Gy ndi muyezo wa cheza chimene thupi lalandira) patsiku kwa milungu isanu, ndipo mozungulira chotupa amasiyapo mpata wa mamilimita angapo. Kuphonya pang'ono lero timakuona, mawa n'kukonza. Pa SRS ayi. Kawirikawiri munthu amalandira 18 mpaka 24 Gy pa ulendo umodzi, mpata wake milimita imodzi kapena ziwiri, mwinanso osasiya n'komwe. Cheza chikalowa, chalowa.

Ndiye funso lanu loyamba kuchipatala chilichonse cha makina otere likhale ili: kodi mumachita Winston-Lutz, ndipo mumaichita liti? Lembani dzinalo papepala. Ndi njira yoyezera imene Wendell Lutz ndi Ken Winston anaifalitsa mu 1988 ku Boston, ndipo mpaka lero ndi imene timadalira. Timatenga kampira kachitsulo kofanana ndi njere ya nandolo, komangidwa kunsonga ya kandodo, n'kukaika pa isocentre paja. Kenako timatsegula kakhomo kakang'ono ka cheza n'kujambula chithunzi, mutu wa makina uli pamwamba, uli kumanja, uli pansi, uli kumanzere, bedi titalitembenuzanso uku ndi uku. Pa chithunzi chilichonse pamaoneka kabwalo ka cheza, mkati mwake kadontho ka kampira kaja. Kadonthoko kayenera kukhala pakati penipeni. Kakachoka ndi milimita yoposa imodzi, SRS siyichitika mpaka akonze. Malo osamala amayeza zimenezi tsiku lomwelo wodwala wa SRS asanalowe. Akakuyankhani kuti anayeza pamene makina ankabwera, kapena wina akayamba kuzungulira nkhani, nyamulani chikwama chanu.

Chimene ndikulimbikira chonchi ndi chimene ndinaona ndi maso anga. Pa chipatala china chimene ndinagwirapo ntchito kale, medical physicist, amene ndiye mwini wa kuyeza konseku, sankakhala pompo. Ankagawana ndi zipatala zina, kwathu ankabwera kamodzi pa mlungu. M'chipinda cha makina mumakhala ma laser okhomedwa m'makoma, amene amajambula mizere yofiira kapena yobiriwira pathupi la wodwala, ndipo timagoneka munthu potsata mizere imeneyo. Mlungu wina makina anafa masiku awiri, odwala anadzadza mpaka pakhonde, ena atachokera kutali atagona pa benchi. Atadzuka makinawo tinauzidwa kuti tingoyeza mphamvu ya cheza, zina zija tidzachite mzere ukachepa. Kuseri kwa khoma amisiri anali akubowola, akuika mapaipi. Palibe amene analumikiza zinthu ziwirizi m'mutu mwake, ineyo ndi mmodzi wa iwo.

Tsiku lachitatu chidzukire makinawo ndinafika m'mawa kusanache, ndinaika kabokosi koyezera pa bedi mwachizolowezi. Kabokosiko kali ndi mizere yake yojambulidwa m'mbali. Laser ya kumanzere inagwera pamzere, ya kumanja inagwera pamwamba pake. Ndinapukuta magalasi anga, ndinabwezera kabokosi, chimodzimodzi. Nditayika rula panali pafupifupi mamilimita atatu. Miyendo inazizira. Tinaimitsa makina, tinaimbira physicist uja, tinatulutsa mafayilo a onse amene anadutsapo masiku awiriwo. Mwayi wake anali odwala a malo aakulu, mpata umene madokotala amasiya unawaphimba, ndipo ambiri tinkawajambula chithunzi tisanayatse cheza, ndiye tinkawasuntha bwino osadziwa kuti laser yatisocheretsa. Koma panali agogo ena amene sitinawajambule masiku amenewo. Ndinawayang'ana atakhala pampando ndi chitenje chawo pamiyendo, akundimwetulira, akundifunsa ngati nthawi yawo yakwana. Mpaka lero ndikamaona mzere wa odwala ukutalika, wina n'kumati tidumphe kuyeza kwa m'mawa, ndimakana. Mamilimita atatu amenewo akanakhala pa ubongo wa munthu wa SRS, bwenzi tikunena zina.

N'chifukwa chake funso lachiwiri ndi la munthu, osati la chitsulo. Kodi physicist wanu amakhala pompano tsiku lililonse, ndipo adzakhalapo pamene mayi akulandira chithandizo? Pemphani kuonana naye. Amene amaikonda ntchito yake amasangalala akafunsidwa, ena mpaka amakutsegulirani kompyuta n'kukuonetsani zotsatira za m'mawa umenewo. Miyezo yake si yachinsinsi. Lipoti la TG-142 la AAPM, bungwe la ma medical physicist ku America, la mu 2009, limene zipatala zambiri zimatsata, limati mphamvu ya cheza iyezedwe tsiku lililonse ndipo isasiyane kuposa 3 peresenti, ma laser asaphonye kuposa mamilimita 2 pa chithandizo wamba, koma pa makina a SRS milimita imodzi yokha. Mufunsenso ngati anthu akunja anawayezapo. Bungwe la IAEA, loona za mphamvu ya nyukiliya padziko lonse, limodzi ndi WHO akhala akuchita zimenezi kuyambira 1969: amatumiza tizipangizo papositi, chipatala chimatiwalitsa ndi makina ake, n'kutibweza ku labotale yawo ku Austria kuti akaone ngati muyezo wa chipatalacho uli woona. Kudziyeza wekha n'kudzipatsa malikisi wekha sikokwanira.

Lachitatu: kodi amajambula chithunzi wodwala atagona kale pa makina, asanayatse? Pa makina ambiri amati CBCT, ndi CT yaing'ono yomangidwa pa makina omwewo. Amafananiza mafupa a mutu ndi chithunzi chimene anapangira pulani ya chithandizo, bedi n'kusuntha pang'ono mpaka zigwirizane. Pa SRS ichi si chosankha. Wina akakuuzani kuti mtengo utsika mukachotsa kujambulako, musalole.

Za mtengo ndingonena zongoyerekeza. Kuno kuzipatala za private, chithandizo chamtunduwu chimatha kupitirira R100,000 mukaphatikiza dokotala, pulani ndi makina. Ku India anthu amatchula madola masauzande angapo, kenako n'kuwonjezapo ndege, kogona ndi chakudya cha anthu awiri. Chenjerani ndi ma agent a pa WhatsApp amene amatumiza mtengo umodzi wokongola wopanda tsatanetsatane. Uzani chipatala chenichenicho chikulembereni kuti mkati mwa mtengowo muli MRI yatsopano, CT ya pulani, chigoba chogwira mutu kuti usagwedere ndi kujambula kwa pa makina. Nthawi zambiri MRI ndi imene imabisidwa, mumakaimvera komweko ndalama zitatha.

MRI imeneyi musaitenge mopepuka. Makina angathe kulasa bwinobwino pamene awauza, koma ngati awauza potengera chithunzi cha miyezi iwiri yapita, chotupa chakula kapena chasuntha. Imene mwanyamula kuchokera kumudzi ndi yothandiza dokotala kuona poyambira, koma ya pulani ijambulidwe komweko, masiku ochepa chithandizo chisanachitike, isapitirire milungu iwiri. Akafuna kugwiritsa ntchito yakale yomweyo kuti mupulumutse ndalama, kanani mwaulemu.

China chimene anthu athu sauzidwa, ndipo chimandipweteka ndikachiona. Chigoba chija ndi pulasitiki yabowobowo imene timaifewetsa ndi kutentha, n'kuiphimba kumaso ndi kumutu, ikazizira imauma motsata mutu wa munthuyo. Mayi asapite atamanga zingongo, mesh kapena wigi. Amasule tsitsi lonse lisanafike tsiku loumba chigoba, ndipo likhale momwemo mpaka chithandizo chithe. Ndinaonapo mayi wina ataumbidwa chigoba ali ndi maluko okhuthala kumbuyo, kumapeto a mlungu mwana wake anamumasula kuti amuchape mutu, Lolemba mutu ukugwedera mkati mwa chigoba. Tinayambiranso zonse, chigoba china, CT ina, pulani ina, masiku n'kumapita. Ngati ali ndi mano oikirira, auzeni ogwira ntchito pa tsiku loyamba lomwelo. Ndipo ngati akumwa dexamethasone, mankhwala ochepetsa kutupa mu ubongo, nkhope imatha kutupa, chigoba n'kuyamba kufinya. Mayi asapirire mwakachetechete poopa kuvutitsa anthu, monga amachitira makolo athu. Chikathina anene, chikakhwepa anene. Ngati Chingerezi chimawavuta, pemphani kuti mulowe nawo pamene akuwagoneka, muwamasulire, mutuluke nthawi yoyatsa ikakwana. Muwauziretu kuti m'chipindamo atsala okha koma tikuwaona pa kamera ndipo tikuwamva, akafuna kuti tiime angokweza dzanja.

Mukalandira makalata ochokera kuzipatala ziwiri kapena zitatu, fufutani dzina la mayi muwaike muno, tiwerengere limodzi mzere ndi mzere musanatumize ndalama iliyonse.