Masiku atatu ku Nkhotakota: muyambe ndi nyanja, njovu pambuyo

Mayi wina wa ku Chilomoni wandilembera kalata pa imelo. Akuti mu Ogasiti muno akufuna kupita ndi ana awo awiri ku Nkhotakota kukaona njovu, ali ndi masiku atatu okha, ndipo akufunsa ngati kutauniko kuli chilichonse choonera.

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi kukukhumudwitsani pang'ono: njovu za ku Nkhotakota si za ku Liwonde, zomwe mumaziona zitayala m'mbali mwa Shire. Nkhalango ya Nkhotakota ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 1,800, ndipo ndi ya mapiri ndi mitengo yothithikana. Njovuzo zilimo ndithu. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, linasamutsa njovu pafupifupi 500 kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Koma mutha kuzungulira m'mawa wonse n'kungoona ndowe ndi nthambi zothyokathyoka. Anawo muwauziretu, kuopa kulira pobwerera.

N'chifukwa chake ine ndikuti tsiku loyamba mulipereke kwa nyanja. Kuchokera ku Salima ndi makilomita pafupifupi 110 pamsewu wa M5. Musanafike, mudzadutsa pamlatho wa Chia, pomwe madzi a thamanda la Chia amakumana ndi nyanja, ndipo ogulitsa nsomba adzakuthamangirani galimoto isanaime n'komwe. Nenererani mtengo, musachite manyazi.

Kutauniko, lawirirani kugombe dzuwa lisanatuluke asodzi akamakocheza. Usipa ukuyanikidwa pamathandala, amayi akukangana mitengo ndi eni maukonde, anyamata akukwekweza mabwato. Ilala ikabwera siifika pamtunda, imaima patali ndipo anthu ndi katundu amatengedwa pa maboti ang'onoang'ono. Ana amasangalala nazo zimenezi kuposa momwe mungaganizire.

Koma gombe lomweli lili ndi mbiri yowawa. Apa ndi pomwe panali likulu la Jumbe, Mswahili wochita malonda a akapolo ndi minyanga. Anthu ogwidwa kumtunda ankawakweza m'zombo kuwoloka nyanja, kenako ulendo wapansi mpaka ku Kilwa. David Livingstone anafika pano mu 1863, ndipo mkuyu womwe amati anakumanirapo ndi Jumbe udakalipo. Pitaninso kutchalitchi cha Anglican cha All Saints, pomwe anaikidwa Bishopu Chauncy Maples, yemwe anamira m'nyanjayi mu 1895. Mukaona mizikiti ndi matchalitchi zili moyandikana, mudziwe kuti zinachokera kumeneko. Madzulo mukathere ku akasupe a madzi otentha a Mawira.

Pa chakudya, mpunga ulipo wambiri, koma musachoke osalawa kondowole wa chambo kapena kampango. Anthu a ku Blantyre mumamunyoza kondowole kuti ndi wonanda. Idyani kaye.

Tsiku lachiwiri ndiye la nkhalango. Lowani m'mawa kwambiri, ndipo mukafuna kuyenda pansi, pakhale mlonda wa nkhalango wokutsogolerani. Mtsinje wa Bua, momwe mpasa imakwera kukaswana, ndi wokongola zedi, komanso m'nyengo yachilimwe nyama zimatsikira komweko kudzamwa. Mumtsinjemo muli ng'ona, choncho ana asayandikire madzi. Kulinso ntchentche za kashembe zomwe zimafalitsa matenda a kaodzera. Zimakonda nsalu zakuda ndi za buluu, ndiye valani zotuwa, za manja aatali, ndipo mawindo a galimoto akhale otseka.

Mu Ogasiti mwera umakhala usanaleke. Nyanja imatha kukalipa mwadzidzidzi, ndiye asodzi akakuuzani kuti lero si tsiku lokwera bwato, amvereni. Tengani majuzi a ana ndi masikito. Posamba, pewani malo a bango ndi madzi osayenda chifukwa cha likodzo.

Tsiku lachitatu musakonze chilichonse. Njovu zikakubisalirani dzulo lake, mudzabwereranso kunkhalango. Zikaoneka, anawo asewere pamchenga mpaka nthawi yonyamuka.