Yankho kwa alamu pa homuweki ya timizere ndi tizithunzi

Alamu, mwaswera bwanji ku Mufakose ku Harare uko? Ndamva funso lanu lija, loti mwana wa Giredi 2 wabwera ndi homuweki ya tally marks (timizere towerengera zinthu) ndi pictograph (tchati choonetsa kuchuluka kwa zinthu ndi tizithunzi), koma mayankho ake akungolakwika. Chonde musamukalipire, pamene ana amaphonya pamadziwika.

Buku liyambe lakhala pambali. Tolani zitsekerero za mabotolo 20, tinene zofiira 8, zobiriwira 7, zachikasu 5, muzisakanize m'mbale. Mwanayo azitola chimodzi, alembe kamzere kamodzi pa mtundu wake, chitsekererocho achiponye m'mbale ina. Mbale yachiwiriyo musaiiwale, ndi imene imaletsa kuwerenga chinthu chimodzi kawiri.

Tsono timizereto. Tinayi toimirira, kachisanu kopingasa. Ana ambiri amalemba tisanu toimirira kenako n'kupingasa, ndiye mtolo uli ndi 6 koma iye akuwerenga 5. Muuzeni kuti ndi nkhuni zinayi, kachisanu ndi chingwe chomangira, ndipo chingwecho nachonso chimawerengedwa. Kapena aimike zala zinayi, chala chachikulu chipingase pachikhatho. Zofiira zija zituluke mtolo umodzi ndi timizere titatu, aziti 5, 6, 7, 8, osayambanso pa 1. Akamaliza aphatikize mitundu yonse. Ikapanda kukwana 20, china chadumphidwa, abwerezenso yekha.

Pa pictograph mugulireni kope la masamu la timabokosi lija. Kabokosi kamodzi, kachithunzi kamodzi, ndipo mizere yonse iyambire malo amodzi kumanzere. Chifukwa chake n'chakuti diso limaona kutalika kwa mzere. Akajambula zachikasu 5 zikuluzikulu, zofiira 8 zing'onozing'ono zothithikana, adzakuuzani kuti zachikasu ndiye zambiri, ndipo adzakhala akunena zimene akuonadi. Azijambula timagudumu basi, asataye ola akukongoletsa.

Pansi alembe kuti kagudumu kamodzi kakuimira chitsekerero chimodzi. Zoti kamodzi kaimire 2 musathamangire, dikirani izi zikhazikike. Ikafika nthawiyo, 8 ndi timagudumu tinayi, 7 ndi titatu ndi theka. N'chifukwa chake ndikuti timagudumu, kudula pakati sikuvuta. Mukaona walemba 4 m'malo mwa 8, dziwani kuti sanawerenge mawu a pansiwo, ndiye azilozapo chala asanayankhe.

Loweruka mukhale naye pageti mphindi 10, awerenge makombi (maminibasi), njinga ndi magalimoto ang'ono akudutsa. Zoyenda sizibwerera kuti uziwerengenso, apa m'pamene adzaone ntchito ya timizere. Kenako azijambule pa pictograph, ndiye mumufunse kuti zambiri ndi ziti, ndipo makombi aposa njinga ndi angati. Funso lachiwirili ndi lochotsera, ana amakonda kungotchula nambala yaikuluyo, ndiye aphimbe ndi dzanja timagudumu tofanana m'mizere iwiriyo, awerenge totsala. Munditumizire chithunzi cha kopelo ndilione.