Funsani Amalume: Tiponyere shado wa ndalamayu kapena wathu wakale uja?

FUNSO: Amalume, ine ndimagulitsa kaunjika kuno ku Lilongwe. Kudera kwathu mashado, anthu ofuna kudzaimira uphungu, ayamba kale kuyendayenda ngakhale chisankho chili kutali ndiye alipo awiri amene akutizunguza mutu. Wina ndi bambo wachikulire ndithu, anakhalapo khansala komanso wapampando wa komiti ya sukulu, tonse timamudziwa koma ndalama alibe amakwera kabaza ngati ife tomwe. Winayo wangobwera kumene kuchokera ku Johannesburg, akuti anabadwira konkuno, madigiri ali nawo, maliro akangochitika bokosi ndi iye galimoto ya kumanda ndi iye, waikanso bonanza ya mpira ndipo akachititsa msonkhano anthu amachita kusefukira. Bambo akunyumba akuti tidzaponyere ameneyu poti ndi amene anthu akumufuna. Ine mtima ukukana koma ndikusowa chowayankha. Mayi wa ku Area 23.

YANKHO: Mayi, choyamba musafike pomanana ndiwo ndi bambo chifukwa cha mashado, voti ndi yachinsinsi, mukalowa mkachipinda kaja mumakhala nokha ndi cholembera basi.

Tiyambe ndi chinamtindi chimene chawatenga mtima bambocho. Tsiku lina msonkhano ukatha musathamangire kunyumba, imani pamsewu muone malole akunyamuka. Ina ikulowera ku Kawale ina ku Biwi ina ku Area 36, ndipo ena mwa okwerawo sanalembetse n'komwe mdera lanu, Loweruka avala nsalu iyi Lamulungu avala ina, kwa iwo ndi ganyu. Mu 2019 pa mipando 193 ya ku Nyumba ya Malamulo, 55 inatengedwa ndi oima paokha, ena mwa iwo anthu oti anagwetsedwa pa zisankho zachipulula chipani n'kuwauza kuti alibe anthu. Ndiye phokoso la pamsonkhano lisakupusitseni. Mukafuna kudziwa amene ali ndi anthu, onani amene akumuyendera khomo ndi khomo osalipidwa, mvetserani zimene amayi a banki m'khonde akukamba iye kulibe, funsani mabuloko lida ndi adzukulu, amenewo amadziwa amene ankabwera pamaliro kalekale asanayambe kufuna mpando.

Komatu khansala wakaleyo musangomupatsa ulere chifukwa choti ndi wosauka, umphawi si umboni wa chilungamo, ena ndi osauka chifukwa sanapeze pobera. Ubwino wake ndi woti iyeyu ali ndi mbiri yoti mutha kuifufuza ndi miyendo yanu. Pitani kusukulu imene anali wapampandoyo mukafunse aphunzitsi amene akhalitsapo. Ndalama zimene makolo ankasonkha zinkalengezedwa pamsonkhano wa makolo? Buloko imene anayamba inafoleredwa kapena inathera pa mawindo, simenti n'kusowa? Ali khansala kodi ankaitanitsa misonkhano ya muwodi, nanga nkhani za mapuloti ndi makiyosiki a madzi dzina lake linkamveka bwanji? Munthu amene anasunga bwino K500,000 ya sukulu wakuonetsani kale khalidwe lake, amene anaidya wakuonetsaninso.

Wa ku Joniyo vuto si ndalama zake kapena kuti anachokapo, anthu ambiri abwino anapita kukasaka kunja. Vuto ndi loti simukumudziwa. Ankagwira ntchito yanji kumeneko, anatsogolerapo chiyani chokhala ndi anthu ndi ndalama za eni, banja lake lili kuti pano? Ndipo mudziwe kuti mabokosi, mafuta a galimoto, mayunifomu a matimu, zonsezo ndi mamiliyoni ndipo ndi ochepa amene amamwaza ndalama chonchi osayembekezera kudzazitolera. Tawaonapo ambiri akangowina nambala ya foni yasintha, nyumba asamukira ku Area 47 mpanda wautali mlonda pageti, ukapita akuti bwana ali ku miting'i. Ndipo simungamuchotse pakati panjira, gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu linafafanizidwa mu 1995, ndiye mukalakwitsa ndi zaka zisanu zathunthu mukulira.

China chimene timaiwala, ntchito ya phungu si kugula mabokosi. Ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre kuja amakapanga malamulo, kuvomereza bajeti, kufunsa nduna mafunso komanso kukhala m'makomiti ngati ija yolondoloza ndalama za boma ya PAC. Misewu ya m'makwalala, ngalande, zinyalala za pamsika, zimenezo mwini wake ndi khonsolo ndi makhansala. Ngakhale thumba la CDF lija, la ndalama zachitukuko cha mdera la phungu, limene linayamba mu 2006 ndipo aphungu akhala akulitenga ngati lawolawo, khothi linagamula mu 2025 kuti kulowerera kwawo pa kayendetsedwe kake n'kosemphana ndi malamulo aakulu. Ndiye onse awiri akadzabwera imikani mkono muwafunse kuti ku Nyumba ya Malamulo akukayankhula zotani pa nkhani ya mavenda ngati inu, pa mitengo ya mabelo, pa kusowa kwa mankhwala m'zipatala. Amene adzayankhe kuti "amayi musadandaule ndikugulirani ambulansi" ameneyo ntchito sakuidziwa kapena akukuonani ngati ana.

Mukandifunsa ine, ngati mbiri ya khansalayo kusukulu kuja yatuluka yoyera ndingapite ndi iyeyo. Wa ku Joniyo ayambe wakhala nanu kaye, dzinja limodzi kapena awiri aone mmene msewu wanu umakhalira mvula ikagwa.

FUNSO: Amalume, kuntchito tikutsutsana. Anzanga akuti munthu sangaime ngati phungu opanda digiri komanso ayenera kukhala wobadwira mdera lomwelo. Zoona? Mlonda, Area 25.

YANKHO: Onse awiri ndi mabodza achimwene. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko lino limafuna kuti akhale nzika ya Malawi, wa zaka 21 kapena kuposa, wolembetsa m'kaundula wa voti, komanso wotha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana, poti m'nyumba muja zonse zimayenda m'Chingerezi. Za digiri mulibe, za kobadwira mulibenso. Amene amaletsedwa ndi monga wogwira ntchito m'boma amene sanatule pansi udindo, ndi amene khothi linamupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo m'zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Zoti "mwana wa pano" ndi ndale chabe, ku Area 25 komweko ndi angati amene mchombo wawo unagwera pompo?

FUNSO: Amalume ine ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Shado wina amatipatsa ya mafuta ndi kenakake kapamwamba kuti tizimuperekeza tikuimba mahutala. Ine sindimufuna koma ndalamayo ndimaifuna. Ndikulakwa? Mnyamata wa ku Chinsapo.

YANKHO: Mphwanga, lamulo la zipani la 2018 limaletsa mahandauti, kutanthauza kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti, ngakhale zinthu ngati matisheti, nsalu ndi kubweza ya thiransipoti ya kumsonkhano silinaziike m'gulu limenelo. Ya mafuta pa ulendo umene wayendadi ndi malipiro a ntchito yako, koma kapamwambako kakayamba kubwera ndi mawu oti udzandivotere, pamenepo ndi pamene pali vuto. Zimene ndikukuletsa kwamtuwagalu ndi izi, usapereke chiphaso chako cha unzika kapena kapepala ka voti kwa aliyense ngakhale atati akungolemba nambala, ndipo akakutuma kukasokoneza msonkhano wa mnzake ukane, chifukwa apolisi akafika ogona m'chitokosi ndi iwe njinga n'kulandidwa, mwini njingayo madzulo akufunabe ndalama yake ya tsikulo. Ndipo uzivala chipewa chako pamaulendo amenewo, mipikisano mumachita pamsewu wa Likuni ija ine imandiopsa.